Mafunso a Owerenga: Nyimbo za Makina Zimene Sitizimva pa Wailesi

Mwezi uno talandira makalata anayi ochokera m'madera osiyanasiyana a Harare, ndipo onse akukhudza nyimbo zopangidwa ndi makina amagetsi, makamaka zija zimene ozipanga amayesa njira zosazolowereka. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba sitinawaike monga mwa chizolowezi cha tsamba lino.

FUNSO: Ndimakonza mafoni m'kashopu kena pakati pa tauni. Tsiku lina ndikuyesa sipika ya foni ya kasitomala ndinamva nyimbo yopanda woimba ndiponso yopanda ng'oma, kumangomveka kulirima kwapansipansi ngati mvula ikubwera kutali. Ndinkayesa kuti sipikayo yafa, koma mwini wake anati ndi mmene nyimboyo ilili. Chiyambire tsiku limenelo mtima wanga uli pomwepo, ngakhale anzanga akuti limenelo ndi phokoso chabe. Kodi nyimbo zotere ndi zamtundu wanji, ndipo ndiyambire kwa ndani? (Mnyamata wa ku Mufakose)

YANKHO: Achimwene, anzanuwo musalimbane nawo, koma muwafunse kuti n'chifukwa chiyani mmisiri wa mbira (sansi ya Achishona), akatha kusula tizitsulo take ndi kutichuna mpaka kalikonse kakulira moyenera, amakhomeranso zitsekerero za mabotolo pathabwa ndi m'mphepete mwa chipanda chimene anzathu Achishona amachitcha deze. Zitsekererozo siziimba nyimbo ayi. Ntchito yake ndi kunjenjemera ndi kusokosa pamwamba pa nyimboyo. Agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'minda ya fodya kuno, anali ndi sansi ya zitsekerero zadzimbiri, ndipo chimodzi chikathothoka sankaiimbanso mpaka atapeza china, chifukwa ankati sansi yolira yokha popanda kunjenjemera ili ngati ndiwo zopanda mchere. Ndikayandikitsa khutu pachipandacho ndinkamva nyimbo ziwiri, ina ya zala zawo ndi ina ya phokoso lija, ndipo yachiwiriyi inkasinthasintha ngakhale zala zikubwereza zomwezomwezo. Luso limeneli la mbira ndi sansi bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wake mu 2020 m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Khutu la mwana wa ku Mufakose linaphunzira kale kuti phokoso likhoza kukhala mbali ya nyimbo, choncho chimene chinakugwirani mtima pafoni paja si chachilendo kwa inu monga mmene anzanu akuganizira.

Nyimbo za mtundu umenewu pa Chingerezi amazitcha experimental electronic music, ndipo zolirima pang'onopang'ono ngati imene munamvayo amazitchanso ambient kapena drone. Mayinawa muwasunge chifukwa ndi amene mudzalembe pofufuza pa intaneti. Ozipanga sayamba ndi mawu oimba kapena kolasi yoti anthu aloweze, koma amayamba ndi kaliridwe ka chinthu, kaya ndi makina otchedwa synthesizer, kaya ndi phokoso lojambulidwa mumsewu, ndipo amakakoka, kukadula, kukabweza chammbuyo kapena kukaunjika mpaka katasanduka chinthu china. Ambiri amaganiza kuti zonsezi zinayambira ku Ulaya, koma mmodzi mwa anthu oyambirira kwenikweni anali Halim El-Dabh wa ku Egypt, amene mu 1944, akuphunzira zaulimi ku Cairo, anabwereka makina ojambulira mawu pa waya n'kukajambula amayi akuimba pamwambo wochiritsa wotchedwa zaar. Atabwerera ku situdiyo ya wailesi anasefa mawu aja ndi kuwachititsa kumveka ngati akuchokera m'phanga, moti chimene chinatsala sichinalinso nyimbo ya amayiwo koma mthunzi wake. Panapita zaka 4 kuti Pierre Schaeffer, ku Paris mu 1948, ajambule kulira kwa sitima zapamtunda n'kupanga nako nyimbo, njira imene anaitcha musique concrète.

Poyambira ndikukupatsani KMRU wa ku Nairobi, amene dzina lake lenileni ndi Joseph Kamaru, mdzukulu wa woimba wotchuka wa Chikikuyu wa dzina lomwelo. Chimbale chake chotchedwa Peel chinatuluka mu 2020 kudzera ku kampani ya Editions Mego ya ku Vienna. KMRU amajambula phokoso la malo amene akukhala ndi kumene akuyenda, kenako amaliluka ndi mawu aatali a makina, ndipo nyimbo zina za m'chimbalecho zimapitirira mphindi 10 popanda ng'oma ngakhale imodzi. Ndimamukonda chifukwa sathamangira kukusonyezani luso lake. Amakusiyani mukhale m'kati mwa kulirimako kufikira mutayamba kumva tizinthu tating'onoting'ono tikusuntha pansi pake, mofanana ndi mmene maso amazolowerera mdima magetsi akazima.

Mukazolowera KMRU, mupite kwa Éliane Radigue, mayi wa ku France wobadwa mu 1932, amene kwa zaka pafupifupi 30 anagwira ntchito ndi makina amodzi okha otchedwa ARP 2500. Nyimbo yake yotchedwa Trilogie de la Mort ili ndi zigawo zitatu, chilichonse chotalika pafupifupi ola lathunthu, ndipo kwa munthu wongodutsa imamveka ngati mawu amodzi osasintha. Chinsinsi chake n'chakuti mawu awiri oyandikana kwambiri kaliridwe akamalira pamodzi amayamba kugundana, ndipo khutu limamva ngati mafunde akukwera ndi kutsika. Mayiyu ankasuntha zochunira za makinawo pang'ono kwambiri kuti mafundewo azifulumira kapena kuchedwa. Inu amene mumasiyanitsa sipika yabwino ndi yong'ambika tsiku ndi tsiku mudzazimva msanga zimenezi kuposa anthu ambiri. Koma musaiyese m'kombi kapena m'shopu muli makasitomala, ndiponso musaiyese pasipika ya foni, chifukwa kasipika kameneko sikatha kutulutsa mawu apansi amene ndiwo msana wa nyimboyo. Mupeze mahedifoni abwino, mukhale pansi usiku, ndipo muipatse mphindi 20 musanaiweruze.

Tsiku limene mukufuna kuwakopa anzanu aja, musawayambitse ndi Radigue. Muwaikire Konono Nº1 ya ku Kinshasa, gulu limene anayambitsa Mingiedi Mawangu m'zaka za m'ma 1960. Iwo amaimba likembe, m'bale wake wa sansi, ndipo pofuna kuti azimveka pakati pa phokoso la mzinda anadzipangira okha zokuzira mawu pogwiritsa ntchito maginito ochotsedwa m'zipangizo za magalimoto akutha. Mawu anayamba kutuluka ong'ambika ndi osokosa, koma iwo sanakonze, anaona kuti kung'ambikako n'kokoma, ndipo chimbale chawo Congotronics chitatuluka mu 2004 akatswiri a nyimbo za makina ku Ulaya ndi ku America anachilandira ngati chawo.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 19 amadzitsekera kuchipinda ndi mahedifoni mpaka pakati pa usiku, kumvetsera zinthu zimene ine ndikamva zili ngati makina a kuchigayo. Kale ankakonda sungura ngati bambo ake. Ndikuopa kuti nyimbo za azunguzi zimuiwalitsa kwawo. Ndichite bwanji? (Mayi wa ku Highfield)

YANKHO: Amayi, nkhawa yanu ndi ya kholo ndipo sindikuipeputsa, koma pa mfundo yoti izi ndi nyimbo za azungu ndikupemphani muiganizirenso. Francis Bebey wa ku Cameroon, amene anabadwa mu 1929 n'kumwalira mu 2001, anasiya ntchito ku UNESCO mu 1974 kuti azipanga nyimbo m'nyumba mwake ku Paris, ndipo ankasakaniza makina ndi sanza, imene ndi sansi yomwe ija. William Onyeabor anamanga situdiyo yake ku Enugu m'dziko la Nigeria, n'kutulutsa zimbale zodzaza ndi synthesizer pakati pa 1977 ndi 1985. Ku Niamey, Mamman Sani ankaimba nyimbo za makolo a ku Niger pa ogani yamagetsi, ndipo kaseti yake ya 1978 inatulutsidwanso mu 2013 ndi kampani ya Sahel Sounds. Onsewa anatenga makina n'kuwalankhulitsa chilankhulo cha kwawo, monga mmene oimba a kuno anachitira ndi gitala. Gitala nayenso anabwera pa sitima, koma lero palibe anganene kuti besi ya Alick Macheso, woimba sungura amene amaimbanso m'Chichewa chathu ndipo bambo ake anachokera ku Malawi, ndi ya azungu.

Ndikukupemphani kuti tsiku lina mumuuze akuikireni nyimbo imodzi imene amaikonda kwambiri, ndipo akuuzeni chimene amamvamo. Inunso mumuuze kuti afufuze singeli, mtundu wa nyimbo ya ku Dar es Salaam, yochokera m'madera ngati Tandale ndi Manzese, imene imathamanga kupitirira kugunda 200 pa mphindi, ndipo mwina bambo ake adzamvamo liwiro lofanana ndi la sungura imene amaikonda.

Chimene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi nkhani ya mahedifoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvetsera mawu okwera kufika madesibelo 80 (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mawuwo akamakwera nthawi yotetezeka imachepa mofulumira kwambiri. Ngati mutaima pafupi naye n'kumamva zimene zikutuluka m'mahedifoni ake, kapena ngati akudandaula kuti m'makutu mukulira akawavula, pamenepo mulankhule mwamphamvu, chifukwa khutu likawonongeka ndi phokoso silibwereranso mwakale.

FUNSO: Ndakhala ndikumvetsera nyimbo zoterezi kwa chaka chimodzi, koma YouTube imangondibweretsera anthu omwewo asanu. Data ndi yodula, sindingathe kumangotsegula chilichonse. Kodi oimba atsopano ndingawapeze bwanji, ndipo ndingawauze bwanji anzanga popanda kuwatopetsa? (Mtsikana wophunzira pa koleji, Mabvuku)

YANKHO: Achemwali, makina amene amakusankhirani nyimbo pa YouTube ndi pa Spotify amayang'ana zimene munamvetsera kale ndi zimene anthu ofanana nanu anamvetsera, choncho amakubwezerani ku chitsime chomwe mwamwa kale. Nyimbo zoyesera zachilendo sizipezeka bwino mwanjira imeneyi chifukwa ubwino wake ndi woti sizifanana ndi zimene munamva dzulo. Njira imene yandithandiza ine kwa zaka zambiri ndi kutsatira anthu, makamaka makampani ang'onoang'ono otulutsa nyimbo, chifukwa kumbuyo kwa kampani yotere kumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene anamvetsera nyimbo mazanamazana n'kusankhapo zochepa.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene ulusi umodzi umakokera wina. Nozinja wa ku Limpopo m'dziko la South Africa, amene anali ndi bizinesi yokonza mafoni asanatchuke (achimwene a ku Mufakose amve zimenezi), anafulumizitsa nyimbo za Atsonga pa kompyuta n'kupanga mtundu wotchedwa Shangaan electro, umene unadziwika kunja pamene kampani ya Honest Jon's ya ku London inatulutsa chimbale cha oimba ake mu 2010. Mu 2015 chimbale chake Nozinja Lodge chinatuluka ku Warp, kampani imene inayamba ku Sheffield mu 1989. Mukatsegula mndandanda wa Warp mudzapezamo Aphex Twin ndi Autechre, ndipo mwafika pakati penipeni pa nyimbo za makina za ku Britain mutayambira ku Limpopo. Autechre ndi anthu awiri, Rob Brown ndi Sean Booth, ndipo nyimbo zawo zaposachedwa n'zolimba kwambiri. Ine ndimalangiza kuyamba ndi zimbale zawo za m'ma 1990, pamene kugunda kwa ng'oma kunali kosavuta kutsatira.

Kampani ina yoti muisunge pamtima ndi Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala, yochokera ku gulu limene linayambitsa chikondwerero cha nyimbo ku Jinja mu 2015. Iwo ndi amene anatulutsa Sounds of Sisso mu 2017, chimbale chimene chinadziwitsa dziko za singeli, ndipo nthambi yawo yotchedwa Hakuna Kulala inatulutsa Slikback wa ku Kenya, amene nyimbo zake n'zamdima ndi zolemera. Makampani onsewa ali pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsira nyimbo, kumene mungamvetsere musanagule, ndiponso kumene tsamba la chimbale chilichonse limasonyeza anthu amene anachigula. Mukatsegula zosonkhanitsa za mmodzi wa anthuwo zili ngati mwalowa m'nyumba ya mlendo n'kuona makaseti amene ali pashelefu yake. Wailesi ya pa intaneti ya NTS, imene inayamba ku London mu 2011, imasunga mapulogalamu ake akale pamodzi ndi mayina a nyimbo zimene zinaikidwa, ndipo pulogalamu imodzi yabwino ikhoza kukupatsani mayina 15 atsopano. Magazini ya The Wire, imene yakhala ikutuluka kuyambira 1982, nayonso imalemba za oimba otere mwezi ndi mwezi.

Pa nkhani ya data, kuwerenga n'kotsika mtengo kuposa kumvetsera, ndipo kumvetsera n'kotsika mtengo kuposa kuonera. Nyimbo ya MP3 yamtundu wamba wa 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, kutanthauza pafupifupi 60 MB pa ola, pamene kanema amadya kangapo kuposa pamenepo ngakhale chithunzi chake ndi chikuto cha chimbale chosasuntha. Muyambe mwawerenga, mulembe mayina m'kope, ndipo mukafika pa Wi-Fi ya kukoleji mumvetsere amene mwawasankha. Ngati ndalama yapezeka, mugule chimbale chimodzi pa chaka kwa woimba wa kuno ku Africa, popeza ambiri a iwo alibe wailesi yowaika kapena kampani yaikulu yowalipira.

Powauza anzanu, musawatumizire mndandanda wa mayina 30, chifukwa sadzatsegula ngakhale limodzi. Mutumize nyimbo imodzi kwa munthu mmodzi, yogwirizana ndi zimene iye amakonda kale, ndipo mumuuze pamene ayenera kutchera khutu, mwachitsanzo kuti pa mphindi yachitatu pali mawu apansi amene amalowa ngati lole ikudutsa kuseri kwa nyumba. Wokonda Zimdancehall ya ku Mbare mungamuyambitse ndi gqom ya ku Durban kudzera mwa DJ Lag, pamene wokonda kwaya ya kutchalitchi angamve bwino Pauline Oliveros wa ku America, amene mu 1988 anatsikira ndi anzake awiri m'thanki yaikulu yamadzi yopanda kanthu pansi pa nthaka, mmene mawu amapitirira kumveka kwa masekondi pafupifupi 45, n'kujambulamo chimbale chotchedwa Deep Listening.

FUNSO: Ndayamba kupanga nyimbo zanga pa laputopu. Kwathu kuno gule wamkulu amatuluka kawirikawiri, ndipo ndikufuna kujambula ng'oma zake mobisa pafoni kuti ndizisakanize ndi makina. Ine sindinamete. Kodi pali vuto? (Mnyamata wa ku Dzivarasekwa)

YANKHO: Achimwene, vuto lilipo, ndipo lili pa mawu akuti mobisa. Ndikumvetsa chimene chikukukokani, chifukwa mmene mbalule imayankhira mapazi a gule pamene mpanje ndi ng'oma zina zagwira pansi ndi chimodzi mwa zinthu zozama kwambiri zimene khutu lingamve mu Harare muno, ndipo si pachabe kuti UNESCO inalemekeza gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia mu 2005. Koma gule ali ndi eni ake, ndipo nthawi zambiri amatuluka pamaliro kapena pamwambo wokumbukira womwalira, pamene pali banja limene likulira. Makolo athu anausunga mwambo umenewu m'mafamu, m'migodi ndi m'makomboni a dziko lino pamene ena ankaunyoza, ndipo sikungakhale koyenera kuti mdzukulu wawo akhale woyamba kuutenga mwakuba. Mupite kwa akuluakulu a bwalo masana, mufotokoze chimene mukufuna kuchita, muwamvetsere akakuuzani zimene zingajambulidwe ndi zimene ndi za kudambwe, ndipo akakana mulandire. Akavomera, oimba ng'omawo atchulidwe ngati iwo afuna, ndipo ndalama ikabwera alandireko gawo lawo.

Nkhaniyi si yatsopano. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, malo amene anawayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ali ku Rhodes University. Tikuyamika kuti mawu a agogo athu sanatayike, komabe mpaka lero anthu akukambirana za mmene nyimbozo zingabwererere kwa zidzukulu za amene anaziimba. Inu amene mukukhala khomo limodzi ndi oimba ng'omawo muli ndi mwayi wogwirizana nawo poyera kuyambira pachiyambi.

Podikira yankho la akuluakuluwo, mzinda uno uli ndi phokoso lambiri limene silifuna chilolezo cha dambwe. Ine ndinaimapo m'mawa wina ku Magaba ku Mbare, kumene amisiri amasula ndowa, mbaula ndi mafelemu a mawindo, ndipo ndinamva nyundo zitatu zikumenya malata, iliyonse pa liwiro lake. Zinkakumana kamodzi, n'kusiyana, n'kudzakumananso patapita kanthawi, pamene chopukusira zitsulo chikulira mawu amodzi aatali pamwamba pake. Kumenekonso muyambe mwapereka moni ndi kupempha. Foni muiphimbe ndi sokosi yoyera kuti mphepo isawombe pa maikolofoni, muigwire osaisuntha kwa mphindi zisanu, ndipo musalankhule. Mukafika kunyumba mutsegule zimene mwajambulazo mu Audacity, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, mudule kachigawo ka masekondi 4, mukachedwetse kufika theka la liwiro lake, kenako mukaike pamwamba pa kachigawo koyambako kuti ziwirizo zizilira pamodzi. Ngati mukufuna kuphunzira mmene synthesizer imagwirira ntchito popanda kugula, pulogalamu ya VCV Rack ilinso ndi mtundu waulere, ndipo laputopu yanuyo ikhoza kuinyamula bola musaunjike zida zambiri nthawi imodzi. Mukamaliza nyimbo yoyamba mutitumizire kuno ku magazini, ndipo mulembe malo ndi ola limene munajambula.